Chigundo cha Bogi

Joy atanyamuka kupita kusukulu yogonera komweko kukalemba mayeso ake omaliza, foni anaisiya m'manja mwa agogo ake, a Alick Kamwendo, popeza kusukuluko mafoni amalanda pageti pomwe. Anawasiyiranso malamulo awiri. Loyamba, m'mawa uliwonse azitsegula gemu ija ndi kudyetsa Bogi. Lachiwiri, asayerekeze kulowa m'bwalo lofiira.

Bogi chinali chilombo cha m'gemumo, chonga njati, koma cha nyanga zamwala ndi msana wazitsulo. Joy anamulera kuyambira ali kakang'ono ngati mwana wa mbuzi, ndipo dzinalo anamupatsa chifukwa cha mabogi amene agogo akewo ankalumikiza kunjanji asanapume pantchito. A Alick sankamvetsa kuti chinthu chokhala kuseri kwa galasi chimamva njala bwanji. Komabe ankamudyetsa tizipatso tabuluu m'mawa uliwonse, ndipo Bogi akamaliza kutafuna ankapukusa mutu n'kufwenthera, a Alick n'kumuyankha kuti, "Wakhuta, bwana."

Za bwalo lofiira Joy anafotokoza mosabisa. M'mabwalo ena onse chilombo chikagonja chimangokomoka, mawa lake n'kudzuka. M'bwalo lofiira chikagwa, chapita basi, ngakhale mwini wake alire chotani.

"Agogo, Bogi akafera m'manja mwanu, ine ndi inu tidzadana," anatero Joy akumanga chikwama. Pakamwa ankaseka, koma maso ayi. Mtsikanayu anali wa malemu Lena, mwana wamkazi wa a Alick, ndipo ndiye yekha pakhomopo amene ankakhala nawo pansi pa mango n'kumamvetsera nkhani zawo mpaka kumapeto.

Tsono pakhomopo, ku Dambwa North mumzinda wa Livingstone, panatsala anthu atatu: a Alick, mpongozi wawo Lungowe, ndi khanda Pumulo amene anali atangoyamba kukwawa. Simon, mwana wa a Alick, bambo wa khandalo, ankayendetsa malole opita kunja ndipo ankabwera mwa apo ndi apo.

A Alick ndi Lungowe sankalankhulana. Osati kuti anakangana ayi. A Alick anakulira m'nyumba ya bambo awo amene anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo m'nyumba imeneyo munthu ndi mkazi wa mwana wake sankayang'anana kumaso. Lungowe nayenso kwawo ku Mongu alangizi anamuuza zomwezo. M'tauni ambiri anazisiya kalekale zimenezi, ndipo mwina awiriwa akanazisiyanso, koma aliyense ankaona mnzake akuzisunga n'kuganiza kuti kwa mnzakeyo n'zofunika kwambiri. Choncho mawu ankadutsira mwa Simon. Simon akachoka ankadutsira mwa Joy. Joy atachoka panatsala Pumulo.

"Pumulo, uwauze agogo kuti madzi osamba naika kubafa," Lungowe ankatero atagwada pakhomo, maso ali pa khandalo.

"Pumulo, uwauze amayi ako kuti ndamva, zikomo."

Pumulo ankangoyamwa chala chake chakuphazi, ndipo zinthu zinkayenda bwinobwino.

Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, magetsi atazima, a Alick anali pampando wawo pansi pa mango akuyang'ana Bogi akuyendayenda m'khola lake. Lungowe ankachapa kumpopi, chauko pang'ono, Pumulo ali pamphasa pakati pawo. Pageti panafika Lombe. Uyu anali mwamuna wamkulu ndithu, wandevu zake, wogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, ndipo m'gemumo Bogi anali atamuchititsa manyazi kangapo konse pamaso pa anzake.

"Odi, ba shikulu," anatero, monga amatchulira agogo kwawo. "Joy alipo?"

"Ali kumayeso."

"Na foni anayenda nayo?"

A Alick anaikweza foniyo m'mwamba kuti aione.

"Ni imwe muisunga? Mwe bantu." Lombe anakoka njerwa n'kukhala pafupi. "Ndiye Bogi angodya chabe, nkhondo sachita? Azanenepa monga nkhumba ya pa Khisimasi."

"Mwini wake analetsa."

"Anachita bwino. Gemu iyi si ya bakulu, ifuna mutu wothamanga. Ba shikulu banga ku Kasama tinabagulira foni, banaikulunga mu bulangeti ati isazizidwe."

A Alick anamuyang'ana kuyambira kundevu mpaka kumapatapata.

"Mwana iwe, ine ndinkaima pakati pa mabogi a malasha akubwera kudzagundana, ndili ndi nyale m'dzanja limodzi. Ukulakwitsa pang'ono pokha, anthu amakutola ndi fosholo. Ndiye mabatani anayi angandikanike ine?"

"Awe, sininakambe choncho. Koma tingayese kamodzi chabe, ya chibwana. Joy sazaziwa."

Anatulutsa foni yake n'kudinadina, ndipo ya a Alick inanjenjemera m'manja. Pagalasi panaoneka chipata.

"Ili si lofiira lija?"

"Ni olenji iyo, ba shikulu. Dzuwa ndiye ikunamizani."

Magalasi a maso anali m'nyumba, ndipo kukawatenga kukanaoneka ngati kuthawa. A Alick anadinda. Gemu inawafunsa china chake m'Chingerezi, n'kuwaonetsa timabokosi titatu topanda kanthu ndi mndandanda wa zilombo za Joy. Iwo ankadziwa Bogi yekha. Anamuloza ndi chala, n'kudinda batani lobiriwira. Chipata chinatsekeka. Atasendera pamthunzi wabwino anaona kuti bwalolo linali lofiira ngati magazi a nkhuku, ndiponso kuti mbali ya Lombe kunali zilombo zitatu, mbali yawo Bogi yekha.

"Wandinamiza."

"Nayesa ni olenji naine. Maso yanga yavuta masiku ano."

"Tulukamo. Tiyeni tituluke tonse."

"Kulibe kutuluka, ba shikulu, mpaka mmodzi asile, afe. Sankhani musanga, onani ka lingi ako kakutha."

Zoonadi, kuzungulira mabataniwo kunali kamkombero kamene kankafupikira. Mabatani anali anayi. Atatu anali ang'onoang'ono, lachinayi lalikulu, lokhala ndi chithunzi cha nyanga. Dzina lake la Chingerezi linali lalitali, Joy ankangolitchula kuti chigundo, ndipo a Alick anamuonapo akulidinda uku akuluma mlomo. Pamwamba pa mutu wa Bogi panali mzere wobiriwira. Umenewo ankaudziwa: ndiwo moyo wake.

Chilombo choyamba cha Lombe chinali kamleme kofiirira. A Alick anaganiza kuti njira yopulumutsira Bogi ndiyo kumaliza nkhondo mwachangu, mdani asanamukhudze. Anadinda chigundo. Bogi anaweramitsa mutu, anapalasa pansi, n'kuthamanga. Kamleme kanaphulika ngati thumba la ufa, osatsala ndi nthenga yomwe.

"Waona?" anatero a Alick. "Mutu wothamanga."

Koma akuyang'anitsitsa anaona kuti mzere wa Bogi wafupika pang'ono. Kamleme kaja sikanamenye. Sikanapeze n'komwe mpata.

"Wamuchita chiyani?"

"Ine? Sininadinde chilichonse."

"Nanga moyo wake wapita kuti?"

"Kapena ni njala."

A Alick anatembenuza foni kuyang'ana kumbuyo kwake. Inali yotentha. Mwina ndi kutenthaku, anaganiza motero, n'kuikupiza ndi chipewa. Kapena batire. Batire ikamatha mwina chilombonso chimafooka, popeza zonse zimadya pamodzi.

Chachiwiri chinali chule wamkulu wotupa ngati thumba la chimanga, mzere wa moyo wake wautali kuchokera uku mpaka uko. A Alick anadindanso chigundo. Bogi anathamanga, chule anadumphira pambali, Bogi n'kupitirira. Mzere wake sunasunthe ngakhale pang'ono. Chule anamulavulira madzi, mzere n'kutsika pang'ono, koma izo zinali zomveka, munthu waona ndi maso kuti wamenyedwa.

Ndiye si kutopa, anaganiza a Alick. Wathamanga mtunda womwewo, mphamvu zomwezo, koma sanataye kanthu. Ndiye si batani. Ndi Lombe.

"Ika manja ako poonekera."

"Yali apa, ba shikulu."

"Foni uike pansi. Ndikadinda ine, iwe usaikhudze."

Lombe anaika foni pa njerwa ina n'kukweza manja ngati wagwidwa ndi apolisi. A Alick anadinda chigundo. Ulendo uno Bogi anamupeza chule pamimba penipeni. Mzere wautali uja unagwa mpaka kutsala kachidutswa. A Alick anatsegula pakamwa kuti aseke, koma anaona mzere wa Bogi nawonso ukutsika, ukutsikabe, mpaka kubiriwira kunasanduka chikasu.

Kumpopi madzi anasiya kuthira.

A Alick anayang'ana manja a Lombe, amene anali adakali m'mwamba. Anayang'ana m'khosi mwake, momwe munali mkanda wa timikanda takuda ndi dzino la chinyama china.

"Vula chimenecho."

"Ni katundu wa pa shopu uyu, ba shikulu. Bazungu bagula."

"Vula."

Lombe anavula mkandawo akuseka mpaka kutsokomola. Apo ndi pamene mawu anachokera kumpopi, otsika, olunjika pamphasa.

"Pumulo, uwauze agogo kuti si mankhwala."

A Alick anawongoka pampando. Sanatembenuke. Anayang'ana khandalo, limene linali kalikiliki kutafuna tsamba la mango.

"Pumulo, uwafunse amayi ako kuti iwo zimenezi akuzidziwira kuti."

"Pumulo, uwauze agogo kuti ninasewerako ku koleji. Uwauze kuti batani ikulu ija ni yamphamvu, koma Bogi akagunda nayo, naye avulala."

"Pumulo, uwauze amayi ako kuti Bogi ali ndi nyanga zamwala."

"Pumulo, uwauze agogo kuti nyanga ni zamwala, koma khosi ni yake."

Lombe anayang'ana uku, anayang'ana uko, kenako anayang'ana khandalo.

"Ba Pumulo, ni imwe ba loya pano? Mulipiritsa zingati?"

Kamkombero kaja kanali katatsala pang'ono kutha. A Alick, posafuna kuoneka kuti anyoza mawu a mpongozi, anadinda limodzi la timabatani tating'ono, lokhala ndi chithunzi cha chiboda. Bogi anaponda chule mwaulemu ngati akupempha njira. Mzere wa chule unangosuntha pang'ono. Wa Bogi sunatsike, koma chule anamulavuliranso madzi, n'kutsika.

"Pumulo, uwauze amayi ako kuti ndayesa njira yawo ndipo tamenyedwa."

"Pumulo, uwauze agogo kuti sininakambe kuti ni njira yanga. Uwauze kuti amvetsere. Moyo wamene Bogi achotsa kwa mdani na chigundo, ugawe patatu. Gawo imodzi ichoka kwa Bogi mwini wake."

"Pumulo, uwafunse kuti imapita kuti."

"Pumulo, uwauze kuti siyenda kulikonse. Ingochoka chabe."

"Pumulo, chinthu sichingangochoka. Alipo amene akuchilandira."

A Alick anayesa kuziganizira monga za kunjanji. Bogi yodzaza malasha ikagunda yopanda kanthu, imene imanjenjemera ndi yopanda kanthuyo. Yolemera imangopitirira ngati sinamve. Ndiye chule wonenepa uja akanayenera kumupweteka Bogi chifukwa cha kulemera kwake, izo zinali zomveka. Koma nanga poyamba paja, pamene anaphonya? Bogi yothamanga ikaphonya inzake imakagwera kumapeto kwa njanji, ndipo ndiye ngozi yaikulu kuposa zonse. Apa kuphonya kunali kwaulere, kumenya bwino ndiye kolipira. Ndani anapanga dziko lotere?

"Nthawi, ba shikulu."

Anadinda chigundo. Bogi anagunda chule yemwe uja, wonenepa yemwe uja, ndi mphamvu zomwe zija. Chule anaphwa n'kuzimirira. Mzere wa Bogi unangotsika kachidutswa kosaoneka bwino.

A Alick anapumira m'mwamba. Kenako anakwiya.

"Pumulo, uwauze amayi ako kuti ndagunda chule yemweyo ndipo sitinavulale. Ndiye za magawo atatu zija zili pati?"

"Pumulo, uwauze agogo kuti chule anali atasila kale. Moyo unatsala ung'ono, ndiye Bogi anachotsa ung'ono, ndiye naye analipira ung'ono."

"Pumulo, uwafunse ngati akutanthauza kuti kumenya wodwala n'kotchipa kuposa kumenya wamoyo."

Lungowe anafinya chovala chimene ankachapa.

"Pumulo, uwauze agogo kuti inde."

"Pumulo, gemu imeneyi anapanga ndi anthu opanda chisoni."

Pumulo analavula tsamba lija n'kuyamba kukwawa kulowera kukhonde, kumene mphaka anali atagona pasimenti pozizira.

Chachitatu chinali buluzi waminga, wamaso achikasu, mzere wake wodzaza. A Alick anayang'ana mabatani anayi aja ngati sanawaonepo. M'mutu mwawo munali zinthu zambiri zosagwirizana. Akamenya pang'ono, mdani amakhala nthawi yaitali n'kumaluma. Akamenya kwambiri, akudziluma okha. Akaphonya sataya kanthu, koma munthu sungaphonye dala, batani la kuphonya palibe. Ndipo mawu a mpongozi, ngakhale anali aulemu, kawiri konse anaoneka ngati akutsutsana ndi zimene maso awo anaona. Mwina ku koleji ankasewera gemu ina. Mwina ya ku Mongu ndi yosiyana.

"Pumulo," anayamba Lungowe, mawu akuwatumiza kukhonde tsopano, "uwauze agogo kuti uyu ali na moyo wonse, asa..."

Koma chala cha a Alick chinali chitatsika kale. Bogi anathamanga. Kugunda kwake kunamveka ngakhale pa sipika yaing'ono ya foniyo. Mzere wa buluzi unagwa kupitirira theka. Wa Bogi unatsika kuchoka pachikasu kulowa pofiira. Kenako buluzi anazungulira n'kumukwapula ndi mchira, ndipo pamwamba pa mutu wa Bogi panatsala kachingwe kofiira kowonda ngati ulusi. Foni inayamba kulira titi, titi, titi. Bogi anagwada ndi mwendo umodzi wakutsogolo, n'kudzukanso movutika.

A Alick anasendeza foniyo pafupi ndi maso.

Lombe anasendeza njerwa yake pafupi. Sankasekanso, ankalankhula mokoma ngati akugulitsa chiboliboli.

"Manje mwafika, ba shikulu. Chigundo imodzi chabe, buluzi wanga wasila. Mwawina. Zitatu na chimodzi. Ku Mukuni Park bonse bazamva ati ba shikulu ba Joy banamenya Lombe."

"Ukunama."

"Apa sininama. Funsani ba loya."

A Alick anayang'ana pamphasa. Panalibe munthu. Anayang'ana kukhonde. Mphaka anali atathawira m'nyumba, ndipo timapazi ta Pumulo tinali tikuzimirira kuseri kwa chitseko.

"Pumulo," anaitana a Alick. "Pumulo, tabwera kuno."

M'nyumba munamveka kugwa kwa chivundikiro cha poto, ndi kuseka kwa khanda.

Lungowe anali ataimirira tsopano, manja akudontha thovu. Anaponda kamodzi kulowera kunyumba, n'kuima. Kuchokera pamene anali mpaka kukhitchini ndi kubwerera, kamkombero kakanatha. Anayang'ana chitseko. Anayang'ana mango. Anayang'ana ngakhale Lombe, koma Lombe anali mlendo, ndiponso ndiye mdaniyo, mawu sakanadutsira mwa iye n'kufika amoyo.

A Alick anawerengera okha. Buluzi watsala ndi wochepera theka. Ndiye ndi wodwala. Kumenya wodwala n'kotchipa, mpongozi anavomera yekha. Chule uja anamumaliza pamtengo wochepa. Ndiye apanso zikhala chimodzimodzi. Kapena ayi? Wochepera theka ndi wodwala mokwanira? Ugawe patatu, anatero. Patatu pa chiyani, pa buluzi kapena pa Bogi? Anayesa kuyeza mzere wa buluzi ndi chikhadabo, kuugawa patatu, n'kuufanizira ndi kaulusi ka Bogi, koma maso opanda magalasi ankaona mizere inayi m'malo mwa iwiri. Chala chinapita pa batani lalikulu.

"Atate, musadinde."

A Alick anauma. Mawuwo sanapite pamphasa, sanapite kukhonde. Anabwera molunjika kukhutu kwawo. Lungowe anali atagwada pafumbi, mikono iwiri yokha kuchokera pampando, nkhope atayang'anitsa kumbali, koma mawu anali awo.

"Mukagunda, buluzi azafa, ni zoona. Gemu izalemba ati mwawina. Koma Bogi azagwa pamwamba pake. Gawo yamene azalipira ni ikulu kupambana moyo wamene watsala."

"Ndiwina, koma afa?" A Alick anazindikira mochedwa kuti nawonso ayankha popanda Pumulo. Makutu anawatentha.

"Inde, atate."

"Ndiye kuwinako n'kwa ndani?"

"Ba Lombe zilombo izi banagwira dzulo chabe kuseri kwa maketi, ni zotaya. Sibanabwere kuzawina. Banabwera kuti Bogi azipha yekha."

"Awe, mulamu, mwanichitira nkhanza," anatero Lombe, koma sanakane.

"Ndiponde pang'onopang'ono ndiye," anatero a Alick, akulankhula ndi foni.

"Buluzi sazafa na kuponda. Azamukwapula, Bogi azagwa."

"Chachikulu afa. Chaching'ono afa. Nanga mabatani enawa?"

"Afa, atate."

"Ndiye anayi onse ndi imfa. Anaikiranji anayi?"

"Pa kona pamwamba pali ka mbendera koyera. Mukadinde, mugwirire mpaka kazungulire."

A Alick anakweza maso kwa Lombe. "Unati kulibe kutuluka."

"Uko si kutuluka, ba shikulu, ni kugonja." Lombe analoza pagalasi, pafupi ndi dzina la Joy, pamene panali kanyenyezi kagolide. "Mwaiona nyenyezi iyo? Mu Livingstone yonse ili na Joy chabe. Sanagonjepo mu red. Mukadinda mbendera ibwera kuli ine, na dzina yake izatsika pansi. Muzamuuza chani? Ati ninali pafupi kuwina koma ninayopa buluzi?"

Kamkombero kanali katatsala kachigawo kakang'ono, kakuphethira. A Alick anayang'ana nyenyeziyo. Anali asanaionepo, kapena ankaiona n'kumayesa ndi chokongoletsera. Za nyenyezi Joy sananenepo kanthu. Mwina sananene chifukwa sankaganiza kuti munthu angaitaye atakhala pansi pa mango. Mwina inali yofunika kuposa Bogi. Iwo akanadziwa bwanji? M'moyo wawo wonse anali asanaonepo nkhondo imene wopambana amaikidwa m'manda, wogonja n'kupita kwawo ndi ng'ombe yake. Ndiponso panali ndevu za Lombe, zimene zinkayembekezera kuseka.

Bogi anapukusa mutu, akupuma movutika.

A Alick anaika chala pa kambendera n'kugwirira. Chinkaterereka ndi thukuta. Anagwirira ndi mphamvu ngati akutseka mpopi wodontha, mpaka kambenderako kanazungulira n'kudzaza galasi lonse. Kulira kwa titi kunaleka. Kanyenyezi kananyamuka pa dzina la Joy, kanawoloka galasi, n'kuzimirira. Foni ya Lombe inaimba kanyimbo pa njerwa paja.

Lombe anaitola n'kuyang'ana nyenyezi yake yatsopano. Nkhope yake sinali ya munthu wopambana.

"Zilombo ziwiri nataya," anatero, "na Bogi akali moyo. Joy akabwera azanivuta futi." Anatola mkanda wake n'kuuvala. "Mulamu, imwe na ine tizaonana mu bwalo."

"Sinisewera masiku ano, ba Lombe. Nili na mwana."

"Ba loya mubapatse moni."

Geti litatsekeka, pabwalopo panangomveka njiwa ndi phokoso la mapoto m'khitchini. Pagalasi, Bogi anali atabwerera m'khola lake, atagona chammbali, kaulusi kofiira kadakali pamwamba pa mutu. Lungowe anali adakali chogwada. Thovu linali litauma m'manja mwake. Sankadziwa ngati adzuke kapena apepese, ndipo a Alick sankadziwa ngati akuyenera kukwiya, kuthokoza, kapena kuchita ngati sanamve kalikonse. Bambo awo sanawaphunzitse zochita zikafika potere.

Anatsokomola. Anayang'ana nthambi ya mango.

"Ameneyu achira?"

Lungowe nayenso anayang'ana nthambi yomweyo.

"Azachira, atate. Mumupatse tuzipatso tofiira, osati tabuluu."

"Tofiira tili pati?"

Lungowe anazengereza. Kenako anathyola kaudzu kouma, anasendera ndi maondo, n'kuloza nako pagalasi osakhudza dzanja lawo. A Alick anadinda pamene kaudzuko kanaloza. Bogi anatafuna pang'onopang'ono, mzere n'kuyamba kukwera.

"Komabe sindikumvetsa," anatero a Alick. "Batani lopweteka mwini wake analiikiranji? Ndipo Joy amalidinda, ndinamuona ndi maso angawa."

"Amadinda akaona kuti moyo ulipo wokwanira kulipira."

"Amadziwa bwanji?"

"Amawerenga, atate."

"Inenso ndimawerenga."

M'khitchini munagwa china cholemera, Pumulo n'kuyamba kulira, ndipo mayiyo anadzuka mofulumira ngati wamasulidwa. Atafika pakhonde a Alick anamuitana, osati ndi dzina, anangoti, "Amayi a Pumulo."

Anaima, osatembenuka.

"Za nyenyezi zija, akabwera Joy, mudzamuuza ndinu kapena ine?"

"Ni imwe, atate," anatero Lungowe, n'kulowa m'nyumba.